Dzanja la Dzira

Dzina lenileni la mkulu wanga limagwira ntchito kuchipatala kokha, akamaitana anthu pamzere. Ife tonse timati Dzira. Pamaso pake ine ndimati "achemwali", poti ulemu ndinaphunzitsidwa, koma mumtima mwanga ndi Dzira, ndipo zomwe ndikunena panozi ndi zamumtima.

Dzinali anamupatsa ndi amayi. Ali mwana wasukulu anadwala zilonda zapakhosi, zomwe tonse tinkadwala n'kuchira. Iye zinamulowerera. Mawondo anatupa, kenako zigongono, thupi likutentha ngati mbaula. Atayamba kupeza bwino, adokotala anaika chomvera chawo pachifuwa pake n'kumvetsera nthawi yaitali. Anati matendawo awononga kachitseko kena ka mumtima, sikakutsekanso bwino, magazi ena akubwerera m'mbuyo. Amayi anabwera naye kunyumba atamunyamula, ngakhale anali wamsinkhu woyenda yekha, n'kulengeza kuti, "Uyu tsopano ndi dzira. Amene amugwetse aona." Ankanena zimenezi akuyang'ana ine.

Ine mng'ono wake ndinabadwa ndi thupi lopanda nkhani. Chikwama chake cha mabuku ndinkanyamula ndine, pamwamba pa changa. Kutsuka mbale ine, kuchapa ine, kutumidwa kugolosale ine. Bambo anayamba kunditcha Ngolo moseka, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka lero, moti ngakhale ana anga amalidziwa. Tsiku lina ndinagwa panjinga n'kusupuka bondo mpaka kuoneka zoyera. Amayi anasuzumira n'kunena kuti, "Iwe sufa, pita ukasambe." Madzulo a tsiku lomwelo Dzira anayetsemula kawiri, anamugulira malalanje.

Sindimuda mkulu wanga. Munthu wina atamunyoza pamaso panga ndingamung'ambe malaya. Koma nsanje ndimamuchitira, ndipo ndayamba kalekale.

Poti ankafunika ntchito yogwira atakhala pansi, amayi anamuphunzitsa singano. Anagwira msanga, ndipo anasanduka katswiri wosoka mikanda ndi leisi pa madiresi aukwati. Ine ndinaphunzira utelala chifukwa pankafunika wina wonyamula makina. Tinapeza chipinda cham'mwamba, pamwamba pa sitolo yogulitsa misomali ndi utoto, ndipo tili momwemo mpaka pano. Muli tebulo lalitali lodulirapo, makina awiri, simbi, chidole chopanda mutu chovekerapo madiresi, ndi zenera limodzi lalikulu. Pazenerapo ndi pa Dzira, poti mikanda imafuna kuwala. Ine ndimayeza, ndimadula, ndimasoka misoko yonse yosaoneka, ndimasita, ndimakagula nsalu, ndimakapereka katundu. Mkwatibwi akabwera kudzatenga diresi lake amandidutsa pakhomo ngati chopondera, n'kukagwada pazenera paja. "Mayi, manja anuwa ndi agolide." Dzira amangomwetulira mofooka, ndipo kufookako n'kumene kumawamaliza anthu.

Mwamuna wake ndinamupezera ndine, osadziwa. Wotchi yathu yapakhoma inaima, ndiye ndinapita kukaitana wamawotchi wa pakona, uja ankakhala m'kanyumba ka galasi pafupi ndi pokwerera basi. Anali mnyamata woonda, wodekha, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Diso lake lamanzere linachita ng'ala ali mwana, ndiye ntchito yonse ankagwira ndi lamanja, atavala kagalasi kokuzira zinthu. Tsiku limenelo ndinali nditavala diresi langa labwino, sindibisa. Anakwera pampando, ine n'kumugwirira mpandowo kuti asagwe. Ali pamwamba pomwepo anayang'ana pansi, osati kwa amene wagwira mpando, koma kwa amene anali atangokwera kumene masitepe, akupuma mwawefuwefu pazenera.

"Mayi," anatero, "mukupuma ngati wotchi yofuna mafuta."

Sabata yotsatira anabwera kudzaona ngati wotchi ikuyenda. Inkayenda. Anabweranso sabata inayo. Ulendo wachitatu anabwera ndi kampando, n'kukakhomerera pokhotera masitepe, kuti Dzira azipuma pakati pa ulendo. Ndi mmene wamawotchi anasandukira alamu anga.

Madokotala anawauza poyera kuti mimba ikhoza kumupha Dzira. Alamu anayankha kuti mawotchi ndi ana okwanira, amalira ola lililonse. Ine ndinakwatiwa ndi dalaivala wa malole, ndipo ndinabereka ana anayi osadwala ngakhale mutu. Bambo a ana anga si munthu woipa. Chakudya amabweretsa, dzanja sakwezera munthu. Koma dzanja langa amaligwira pokhapokha akafuna makiyi amene ndafumbata.

Dzira asanakwatiwe, mankhwala ake ndinkakatenga ndine kuchipatala, n'kumamukumbutsa kumwa. Atangokwatiwa, alamu anandilanda ntchitoyo. "Mwatopa mokwanira, alamu," anatero, ngati akundipatsa mphatso. Ine ndinamva ngati andichotsa ntchito popanda chifukwa. Anapanga kabokosi ka timadirowa, kofanana ndi kosungira zitsulo za mawotchi, piritsi lililonse ndi kachipinda kake. Kwa dokotala ankalowa awiriwiri, ine n'kutsala pabenchi panja ndi zikwama. Zaka zikupita mankhwala ankasinthidwa, ena kuwonjezedwa, ndipo ine ndinkangowadziwa ndi zimene ankamuchita mkulu wanga, ndi zimene iye ankapindula nazo.

Pali piritsi lina lochotsa madzi m'thupi, lasikisi. Mtima wofooka umalephera kuyendetsa magazi onse, ndiye madzi amadikha m'mapazi ndi m'mapapo. Piritsi limeneli limauza impso kuti ziwataye, ndipo likalowa m'mawa munthu amapondaponda njira ya kuchimbudzi mpaka masana. Chimbudzi cha kuntchito kwathu chinali pansi, kuseri kwa sitolo. Alamu anamuyendera mwini nyumba mpaka anatopa nawo n'kutimangira china m'mwamba. Ine ndinatsika masitepe amenewo ndi mimba zinayi, palibe amene anayendera munthu.

Kenako kunabwera lina lofewetsa mitsempha ya magazi, kuti mtima usamakankhe movutikira. Limenelo linamupatsa kachifuwa kouma, kokanda pakhosi, kosamva mankhwala a chifuwa. Alamu anayenda ndi uchi ndi mandimu mpaka anakawauza adokotala, omwe anati ndi piritsilo n'kumusinthira lina. Chifuwa chinatha, koma uchi sunasiye kubwera. Dzira akadzuka mofulumira pampando ankamva chizungulire, poti mitsempha yofewa imachedwa kukweza magazi kumutu, ndipo mkono wa alamu unkapezeka pomwepo ngati unamera pakhoma.

Lina ndi atenololo. Nyenyeswa zomwe alamu anandigawirako n'zakuti m'thupi muli mitsempha ina imene sitiilamula. Wina umakwapula mtima munthu akachita mantha kapena akamakwera chitunda, wina umaugwira kuti ufatse. Piritsili limatseka mtima makutu kuti usamamve kwambiri mkwapulowo. Koma limazizitsa manja ndi mapazi. Ndiye masana aliwonse alamu ankatseka kanyumba kawo, n'kukwera kwathu kudzafikisa zala za mkazi wawo pakati pa zikhato zawo, akuzipumira mpweya, ine ndili apo ndi mapini kukamwa. Manja anga amatentha ngati simbi chaka chonse. Palibe chifukwa chowagwirira.

Koma bwana wa onse kanali kapiritsi kakang'ono ngati mkanda, digokisini. Kameneka kamachititsa mtima kugunda mwamphamvu koma mofatsa. Vuto lake ndi lakuti pakati pa mlingo wothandiza ndi mlingo wovulaza pali mpata wochepa ngati msoko. Choncho lamulo la adokotala linali lakuti m'mawa uliwonse, asanamwe, wina awerenge kugunda kwa mtsempha wapadzanja kwa mphindi yathunthu. Kukapanda kufika sikisite, asamwe, apite kuchipatala.

Dokotala amene analamula zimenezi sankadziwa kuti akundiphera pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse ndimadzera kunyumba kwawo kuti tiyendere limodzi, ine nditanyamula chikwama chake, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazipeza. Dzira atakhala pampando wa pabalaza, dzanja litagona chagada pabondo la mwamuna wake. Alamu zala ziwiri pamtsempha, dzanja linalo litagwira wotchi yam'thumba, diso lili pa muvi. Onse awiri duu. Wailesi yozimitsa, ketulo yotulidwa pamoto kuti isasokoneze. Mphindi ikatha alamu ankatseka wotchi kuti kha, n'kunena kuti, "Tili bwino, mayi." Tili. Ngati mtimawo ndi wa anthu awiri. Zaka zoposa makumi awiri ndinaima pakhomo limenelo ndi chikwama, ndikumeza malovu.

Tsiku lina ndinayesa kwanga. Ndinatambasulira bambo a ana anga dzanja akumwa tiyi. "Tandiwerengereni mtima."

"Wadwala?"

"Ayi."

"Ndiye ndiwerenge chiyani?" Anandipatsa kapu yopanda kanthu m'dzanja lomwelo.

Chaka chatha, nyengo yotentha, zinthu ziwiri zazing'ono zinachitika nthawi imodzi. Diso la alamu, labwino lija, linafiira n'kuyamba kuwawa mkati. Kuchipatala cha maso anawapatsa mankhwala odontheza, ndipo anayamba kuyenda atavala magalasi akuda ngati woimba. Kwa ife ankangoti diso likuchira. Sabata yomweyo Dzira anatsegula m'mimba masiku angapo. Poti ndi wodwala womvera, sanadumphe piritsi ngakhale limodzi, la madzi lija lomwe, ndipo kutsegulako kutaleka tonse tinati zatha. M'mawa mwambo wawo unkachitika monga kale. Wotchi, zala ziwiri, kha, tili bwino mayi.

Pa nthawiyo tinali ndi diresi la mphunzitsi wina wovuta, amene ankafuna nsalu yoyera ya mbee, yoti aliyense m'holo atsinzine. Ndinazungulira masitolo padzuwa mpaka ndinaipeza, n'kuikwezera m'mwamba paphewa. Ndinaiyala patebulo ndikudikira kachiyamikiro kochepa. Dzira anaiyang'ana n'kuchita tsinya.

"Nsalu yanji iyi?"

"Yoyera, monga munanenera."

"Iyi ndi yoyera? Iwe Ngolo, maso ako ali bwinobwino? Yachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya."

Ndinaiyang'ana pazenera, ndinaiyang'ana pamthunzi. Inali yoyera ngati mkaka. Koma pa nkhani ya mitundu, mawu a Dzira m'chipinda chimenecho ndi lamulo. Ndinaisenzanso, kutsika nayo, kubwerera kusitolo. Wogulitsa anaika pepala loyera pambali pake n'kundiseka pamaso pa makasitomala. Anandisinthira ina kuti ndimuchoke. Nditafika nayo m'mawa mwake, Dzira sanaigwire n'komwe.

"Iyinso ndi chimodzimodzi. Ukuchitira dala iwe. Ukufuna mkwatibwi akalengeze kuti ndakalamba, diresi langa latuluka ngati katani wakukhitchini."

"Achemwali, ndikalowa bwanji m'fakitale kukasintha mtundu wa nsalu?"

"Nsanje yako ndimaidziwa. Sinayambe lero."

Mawuwo anandilasa chifukwa anali oona, koma pa nsaluyo ndinalibe mlandu. Tsiku lonse tinagwira ntchito osalankhulana. Chakudya chamasana anachikankhira pambali, ati nseru. Ine ndinati ndi kunyanyala, n'kudya changa ndi chake chomwe, mokweza. Chakumadzulo ndinayatsa getsi, iye n'kuphimba maso ndi dzanja.

"Babu ili lavala mphete yachikasu," anatero.

"Lakwatiwa," ndinayankha. "Nalonso lapeza wolisamala."

Alamu akabwera masana kudzafikisa zala, tonse tinkavala nkhope zabwino. Iwo sakonda phokoso, ndiye kuyambira kale mikangano yathu timaisiya pakampando ka pamasitepe kaja, sifika kunyumba. Za nsalu yachikasu sanamve kanthu. Za nseru Dzira anawauza kuti ndi zotsalira za m'mimba muja.

Tsiku lotsatira anakana nsalu yachitatu, yomwe ndinachita kubwereka kwa telala mnzathu. Anaikana atagoneka mutu patebulo, mosanyadira n'komwe, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinavula tepi yoyezera pakhosi n'kuiponya pansi. Ndinati lero lokha lamulo la kampando lithyoke, ndikamunenera kwa mwamuna wake, amve kuti dzira lakelo lili ndi minga.

Ndinawapeza alamu m'kanyumba kawo atakhala chopanda ntchito, magalasi akuda ali kumaso, akubweza kasitomala kuti zitsulo sizinafike.

"Alamu, ndatopa," ndinayamba ndisanapereke moni. "Akazi anu andiyendetsa tauni yonse. Nsalu zitatu zoyera, onse akuona kuti n'zoyera, iwo okha akuti zachikasu. Dzulo ati babu lavala mphete. Ngati sakundifunanso pantchito angonena."

Alamu anaimirira mwadzidzidzi mpaka timadirowa tinakhutuka, tizitsulo mbwee pansi.

"Mwati chikasu? Kuyambira liti?"

"Dzana."

"Akudya?"

"Akuti nseru."

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndi kapiritsi kaja. Kachuluka m'magazi. Adokotala anandiuza kalekale, chikasu, nseru, mphete pa magetsi."

"Anakuuzani inu. Ine munandiuza?"

Anali akupapasa chitseko, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti akulephera kupeza loko yemwe anali patsogolo pa mphuno yawo.

"Nanga si mumawerenga m'mawa uliwonse?" ndinafunsa. "Si mumati tili bwino?"

Anavula magalasi. Kamwana ka diso kanali katatambasuka, bii, pafupifupi diso lonse, ndipo anatsinzina msanga chifukwa cha kuwala. "Mankhwala odonthezawa," anatero. "Zapafupi zonse ndi chifunga. Muvi wa wotchi sindinauone kuyambira sabata yatha. Ndimangogwira dzanja. Ndinamva ngati mtima ukuchedwerapo, koma ndinati mwina ndi mantha anga."

"Bwanji osanena?"

"Adokotala akanati muziwerenga ndinu."

Mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma apa amene ankafera kuuna anali mkulu wanga. Ndinalibe nthawi yowatukwana. Ndinawagwira mkono n'kuwakoka mumsewu ngati mwana wokana sukulu, iwo ataphimba maso, ine ndikukuwira njinga ndi magalimoto kuti apatuke. Masitepe ndinakwera awiriawiri.

Dzira anali pomwe ndinamusiya, mutu patebulo pamwamba pa nsalu yoyera ija, atasanzira m'kabasiketi ka zidutswa. Nkhope inali yotuwa, thukuta lozizira pachipumi. Alamu anagwada n'kupapasa mpaka anapeza dzanja.

"Yang'anani wotchi yapakhoma, alamu. Mundiuze poyambira ndi polekera," anandiuza.

Ndinayang'ana wotchi yomwe ija inawabweretsa m'chipinda muno. "Yambani." Ankawerenga mokweza, ndipo pakati pa nambala ina ndi inzake panali mpata woti munthu n'kulowetsa ulusi pasingano. Penapake ankaima, kudikira, ine mtima uli m'mwamba, kenako n'kupitiriza. Muvi utazungulira ndinati basi. Anali asanafike n'komwe pa fote.

Panalibe zokambirana. Ndinawerama, alamu anamukweza pamsana panga, ndinamumanga ndi nsalu ya mphunzitsi ija poti ndi imene inali pafupi. Anali wopepuka moti ndinachita mantha. Titafika pokhotera, pa kampando kake, ndinamva akunong'ona m'khutu mwanga.

"Supuma?"

"Khalani chete, achemwali."

"Iwe supuma," anatero, ndipo sindinadziwe ngati akufunsa kapena akudandaula.

Mwini sitolo ya utoto anatitenga pa galimoto yake yonyamulira katundu. Kuchipatala anamuthamangitsira mkati, kumumata mawaya pachifuwa, kumutenga magazi, kumuika diripi. Ulendo uno sindinatsale pabenchi. Nesi atafunsa kuti wachibale ndani, ndinayankha msanga alamu asanatsegule pakamwa. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wolankhula mosazungulira. Anati kutsegula m'mimba kuja, kuphatikiza kutentha ndi piritsi lochotsa madzi, zinaumitsa thupi. Impso zouma zimachedwa kutulutsa digokisini, ndiye kankangounjikana tsiku ndi tsiku. Komanso madzi akamatuluka ambiri amakokolola mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo ukachepa, kapiritsiko kamaluma mtima mopitirira. Anati mtima ukanatha kusokonekera n'kuima nthawi ina iliyonse.

Kugunda kutapitirira kutsika, anamubaya jakisoni mumtsempha, ndipo kamzere ka pa makina kanayamba kudumpha mofulumirirapo. Alamu anafunsa dzina la mankhwalawo.

"Atulopini," anatero dokotala. "Amamasula mtsempha umene umagwira mtima kuti ufatse."

Alamu anapisa m'thumba n'kutulutsa kabotolo ka mankhwala awo a m'maso. Dokotala anawerenga n'kugwedeza mutu. "Ndi omwewa. M'diso amamasula kamnofu kotsinitsa kamwana ka diso, n'chifukwa chake simukuona zapafupi, ndipo pakamwa pakuuma. Zidzatha mukasiya kudontheza, koma zimatenga kanthawi." Kenako anatiyang'ana tonse awiri. "Mmodzi amadziwa zizindikiro, wina ndiye amaziona. Simulankhulana pabanja panu?"

Mutu umodzi susenza denga, koma ife mitu inalipo itatu, uliwonse utasenza kake n'kukabisa.

Dzira anagona m'chipatala kupitirira sabata. Kapiritsi kaja adokotala anakaimitsa kaye, kenako anakabwezera pa mlingo wochepa, n'kuwonjeza lamulo lakuti akatsegula m'mimba kapena kusanza, asadikire, abwere. Mphunzitsi uja anakwatiwa atavala diresi la mikanda yosoka ine. Anati linali labwino, koma ankafunsabe kuti mayi aja ali bwanji.

Tsiku lotuluka, nesi ananenetsa kuti mpaka diso la alamu litachira, ndiziwerenga ndine, ndipo alamuwo andiphunzitse pomwepo iye akuona. Dzira anali atakhala pabedi atavala kale zopitira kunyumba. Alamu anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana nane.

"Bweretsani dzanja, alamu. Muyambe mwamva wanu."

Ndinalipereka. Analitembenuza chagada n'kuligoneka pabondo pawo. Zala zawo zinali zouma, zopepuka, zozolowera tinthu tosachedwa kuthyoka. Zinayenda pang'ono m'munsi mwa chala chachikulu n'kuima.

"Apa. Zala ziwiri, osati chala chachikulu, poti icho chili ndi kugunda kwake. Musakanikize kwambiri." Anamvetsera. Ine ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi, mayi wa ana anayi, ndipo nkhope inanditentha ngati mtsikana. "Koma mtima uwu," anatero alamu akumwetulira. "Ngati wotchi yongotuluka kumene m'bokosi. Ukuthamangako pang'ono, koma sukuphonya ngakhale kamodzi."

"Basi, waphunzira," anatero Dzira ali pabedi paja. Mawu ake anali akuthwa ngati sizasi yatsopano. "Musiyeni dzanja."

Alamu analisiya ngati lawaotcha. Nesi anayang'ana kumbali akubisa kuseka. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa tsiku lonse. Ndinanyamula zikwama zonse mpaka pageti ndikuimba chamumtima.

Masabata otsatira ndinkawerenga ndine, alamu atakhala pambali manja ali pamawondo ngati mlendo m'nyumba mwawo. Ndinkati ndikamaliza n'kunena nambala, iwo n'kuwonjezera okha kuti, "Tili bwino, mayi." Kenako diso linachira. M'mawa wina ndinafika n'kupeza wailesi yozimitsa kale, dzanja lili pabondo, wotchi yotsegula. Ndinabwerera pamalo panga pakhomo ndi chikwama. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano kabokosi ka timadirowa ndimakadziwa konse, ndipo kwa dokotala timalowa atatu, ngakhale mipando imakhala iwiri.

Koma ndinatengako chizolowezi. Tikafika kuntchito, Dzira akatsala pa kampando kake kuti apume, ine ndimatsogola kukatsegula. Ndisanagwire tsache ndimakhala pa makina anga, ndimagoneka dzanja chagada pabondo langa, zala ziwiri pamtsempha, maso pa wotchi yapakhoma. Umakhala bwino tsiku lililonse. Palibe woti ndimuuze.

Mwezi watha anandipeza ndikuchita zimenezi. Sindinamumve akulowa. Anaima pakhomo akupuma movutikira, akundiyang'ana monga ndimawayang'anira iwo kunyumba kwawo. Ndinachotsa zala msanga n'kuyamba kufunafuna ulusi womwe sunasowe.

"Bwera kuno," anatero atakhala pazenera pake.

Ndinapita. Anatenga dzanja langa n'kuliika pabondo pake. Zala zake zinali zozizira ngati zochokera m'madzi, ndipo mtsempha anaupeza kamodzi n'kamodzi, poti wakhala akuonerera moyo wake wonse. Wotchi sanaiyang'ane. Muvi unazungulira kamodzi, n'kuyambanso ulendo wachiwiri, iye atatsinzina.

"Ndibwereke mtima wakowu," anatero. "Tsiku limodzi lokha. Ndikwere masitepe awa osakhala pampando, ndinyamule mdzukulu wako pamsana mpaka kumsika, ndikubwezera madzulo."

Ndinafuna kunena chinthu chabwino, koma pakamwa panga panazolowera zina.

"Inunso mundibwereke alamu m'mawa umodzi," ndinatero.

"Ayi," anayankha osatsegula maso.

"Ndiye inenso ayi."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Pansi mwini sitolo anali akukoka zitini za utoto, ndipo simbi yomwe ndinayatsa inali itayamba kununkha. Ndinadikira kuti andisiye ndikaizimitse, koma zala zozizirazo sizinachoke pamtsempha.